Dzina la Alufeo pa Makomo a Eni

Jestina anali akukung'untha mabulangete a m'zipinda za alendo pamene mlamu wake Monika anatulukira kuseri kwa nkhokwe, atadzikulunga chitenje cha chipani mpaka m'makutu. Unali mwezi wa Julaye, ndipo mphepo yotsika m'phiri la Mphunzi inkaluma mpaka m'mafupa. Mabulangetewo analibe fumbi loti munthu n'kukung'untha, pakuti panalibe amene anawafundapo chichitikire chisankho. Jestina ankangowatulutsa m'mawa uliwonse kuti manja apeze chochita.

"Mukuyanikira ndani, alamu?" anafunsa Monika. "Kapena makoswe ayamba kulipira chipinda?"

"Akanamalipira bwenzi ndikuyenda pa galimoto," anayankha Jestina osaseka. "Fikani, mpando uwo."

Monika sanakhale. Iyeyu anali mlongo wamkulu wa malemu Alufeo, mwamuna wa Jestina, ndipo nkhani yolemera ankakonda kuikamba chiimire. Alufeo anali atamwalira chaka chapitacho, nyengo yozizira ngati yomweyi. Anasiya mkazi, mwana wamkazi Tiyamike amene anali kusekondale yogonera komweko, ndi tizipinda ta malata timene ankagonekamo alendo obwera kudzaona zojambula zamakedzana za m'mapanga.

"Akuluakulu anakumana dzulo," anatero Monika. "Nthawi ya bona yakwana. Mowa womuperekeza mlongo wanga uyenera kuphikidwa, gule atuluke, munthu akapume kwa makolo ake. Koma amalume akana. Akuti chimanga cha chimera chisaviikidwe."

"Chifukwa chiyani?"

"Mukufunsa ngati simukhala pakhomo pano. Akuti sitingaperekeze munthu amene akuitanidwabe ngati wamoyo. Ife tizimuuza kuti pita, azungu anu azimuuza kuti bwera. Amvere ndani?"

Jestina anapinda bulangete mosafulumira. Nkhaniyi sinali yachilendo kwa iye. Chiikireni maliro, alendo sanasiye kubwera. Ankatsika m'magalimoto awo afumbi, ena panjinga atabereka zikwama zazitali kuposa eni ake, n'kuima pageti akukuwa mosangalala: "Alufeyoo! Alufeyoo!" Dzinalo silinkawakhala bwino m'kamwa, ndiye ankalikoka kumapeto. Jestina mwini wake sanalitchulepo zaka zonse za ukwati. Kwa iye anali bambo a Tiyamike basi. Koma anthu oti sanamwepo naye ngakhale madzi ankaliponya pabwalo ngati akuitana mwana woti amutume. Iye ankatuluka, kuwalandira, kuwauza m'Chingerezi chake chochepa zimene zinachitika, kenako n'kuwatsogolera yekha kumapanga.

"Komatu anasiya kubwera," anatero Jestina. "Mukuona nokha. Akuitana ndani tsopano?"

"Zimenezo ndiye zawaopsa amalume. Nyengo ino ndi ya alendo, chaka chatha munkabweza ena kusowa malo. Lero kuli zii. Munthu watopa n'kudzutsidwa, alamu. Watseka yekha njira, wakwiya." Monika anatsitsa mawu. "Ndipo musandinamize kuti pageti pali bata. Dzana ndinakuonani mukuthamangira uko, lichero mutataya, kulibe munthu."

Jestina anatenga bulangete lina. Zinali zoona, ndipo zinkamuchititsa mantha. Alendo atasiya kubwera, kuitana kuja sikunasiye. Kunkamupeza masanasana akupeta kapena akutsuka mbale, mawu omwe aja okoka kumapeto. Akafika pageti ankangopeza msewu wofiira ndi mabulugamu akugwedezeka.

"Kodi dzinalo amalitenga kuti anthu amenewa?" anafunsa Monika.

"Pa makina a a Twaibu, kuboma. Pa intaneti."

"Kaya ndi neti ya nsomba, kaya ya udzudzu, pitani mukalivuule. Nyengo ya bona ikatidutsa, mlongo wanga azungulira pano chaka china chathunthu, ndipo mlanduwo udzakhala wanu."

Twaibu anali mnzake wa Alufeo kuyambira kupulayimale. Anali ndi kashopu pa boma pa Dedza koimbirako telefoni ndi kutumiza mafakisi, ndipo matipate atabwera ndi ufulu wa chilichonse, iye anagula kompyuta yolumikiza ku waya wa foni, anthu n'kumamuseka kuti wagula wailesi yakanema yopanda mpira. Ndiye amene anamupangira Alufeo tsamba la pa intaneti, namuuza kuti kuyambira pamenepo azungu azimupeza asanakwere n'komwe ndege. Zinachitikadi. Jestina tsambalo anali asanalionepo ndi maso. Ankangoona zipatso zake zikuima pageti.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka kumsewu wa tala, n'kukwera matola yodzaza matumba a kachewere. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali idakali ndi zithunzi za opikisana pa chisankho, zosuluka ndi zong'ambika, opambana ndi ogonja onse akumwetulira mofanana. Jestina anakhala pa thumba atafunda mpaka kumphuno, akukonza mumtima mawu oti akanene.

"Alamu! Lero mwatikumbuka?" anatero Twaibu atamuona pakhomo la shopu. Anadzuka mofulumira kwambiri moti mpando unagwa. "Kuzizira konseku? Dikirani ndiitanitse tiyi."

"Sindinabwerere tiyi, a Twaibu. Alendo anatha. Kwathu akuti bambo a Tiyamike atseka njira chifukwa dzina lawo silikupuma. Ndabwera kuti mundionetse pamene munawaika."

Twaibu anavula kachipewa kake koyera, kukanda mutu, n'kukavalanso. "Ndimati ndibwere ndekha kudzakufotokozerani," anatero. "Tsiku lililonse ndimati mawa."

Anamukokera mpando pafupi ndi kompyuta. Makinawo analira ndi kukhosomola kwa kanthawi polumikiza foni, kenako anakhala chete. Twaibu analemba mawu m'kabokosi koyera n'kudina. Panatuluka mayina a mahotela a ku Lilongwe ndi a kunyanja. Analembanso, ulendo uno dzina la mnzake ndi la Mphunzi. Panatuluka zinthu zosadziwika mutu wake. Anatsika nazo, kutsika nazo, osapeza kanthu.

"Mwaona? Mulibe. Chaka chatha tinkakhala pamwamba penipeni apa."

"Munawafufuta?"

"Ine ayi. Tsamba lilipo, koma latayidwa kuthengo kumene munthu sangalipeze. Talangidwa, alamu."

"Talakwira ndani?"

Twaibu anapumira m'mwamba. "Mzungu akafuna malo ogona amafunsa makina ofufuzira awa. Makinawa amamuikira patsogolo malo amene akuoneka kuti ndi odziwika. Amadziwa bwanji? Amaona masamba a anthu ena amene akuloza kwa iwe. Zili ngati mlendo wofunsa njira pamsika. Anthu ambiri akaloza khomo limodzi, amalowera komweko. Zala zolozazo timati malinki."

"Ife ankatiloza ndani?"

"Poyamba anthu owerengeka, amene anagonapo kwanu n'kukalemba zabwino atafika kwawo. Zala zoona. Koma mnzanga atamwalira ndinachita mantha. Ndinati Tiyamike aphunzira bwanji? Ndiye ndinapeza munthu wina wa ku Joni wogulitsa zala. Umamulipira, iye n'kumwaza dzina lako pa masamba ambirimbiri, onse akuloza kwa iwe. Mtengo unali wowawa, ndiye anandichotserako nditalola kuti aike malonda a anthu ake pa tsamba lathu. Alendo anachuluka, munaona nokha. Kenako eni makinawa anatulukira kuti zala zonsezo n'zogula. Iwo amadana nazo zimenezo ngati mavoti ogula. Sanatiitane kubwalo, sanatifunse mbali yathu. Anangotichotsa."

"Ndiye si bambo a Tiyamike amene atseka njira?"

"Ayi ndithu. Ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, oti sadziwa ngati Mphunzi ndi phiri kapena ndiwo."

Jestina anayembekezera kuti mtima upepuka, koma sunapepuke. "Ndionetseni tsambalo," anatero.

"Limachedwa kutuluka, alamu, ndipo foni imeneyi imadya ngati..."

"Ndionetseni."

Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Choyamba panaoneka mwala wa phanga ndi mizere yake yofiira. Kenako tsitsi. Kenako chipumi chokhala ndi kachipsera kamene Jestina ankakadziwa bwino. Apo makinawo anaima kaye, n'kumusiya akuyang'anizana ndi maso a mwamuna wake opanda pakamwa. Anagwiritsa m'mphepete mwa tebulo. Pakamwapo patabwera panali pakuseka, masaya ali odzaza, mmene munthuyo analili matenda asanayambe kumudya.

Kuzungulira mutu wake kunali timabokosi tofiira ndi tachikasu tophethiraphethira.

"Iti n'tachiyani?"

"Ndi malonda aja. Aka ndi ka njuga. Aka ndi ka maulendo a pa sitima. Aka..." Twaibu anakhosomola. "Aka ndi ka mankhwala ochepetsa thupi."

Jestina anatembenuka n'kumuyang'ana. Alufeo anamwalira ataonda moti mkazi wake ankamunyamula yekha kukamuika padzuwa. Twaibu anali nawo pamaliro, ndipo ankadziwa mmene bokosi lija linapepukira. Anayang'ana pansi.

"Nanga mawu ali pansi pa chithunziwa akuti chiyani?"

"Akuti bwerani ku Mphunzi. Akuti mwini wake akuchingamirani pageti."

"Akuchingamirani," anabwereza Jestina. Analoza m'munsi mwa mawuwo, pamene panali poyera popanda kanthu, malo aakulu kuposa chithunzi chomwe. "Apa munasiyiranji munda wosalima?"

"Apo palibe kanthu."

"A Twaibu, mwanama kale mokwanira. Musawonjezere."

Twaibu anagwira kachipangizo kolozera pa kompyuta monyinyirika. "Anandiphunzitsa wa ku Joni yemweyo. Anati makina amawerenga ndi zimene diso siliona. Umalemba zilembo zoyera pamalo oyera." Anadina n'kukoka motsika.

Pamalo opanda kanthu paja panatumphuka mawu. Alufeo Alufeo Alufeo Mphunzi Alufeo Alufeo, mzere pamwamba pa mzere, othinana opanda popumira, ndipo Twaibu akamakoka ankatulukabe ena pansi. Jestina anadzambatuka pampando.

"Zimitsani!"

Twaibu anadina pambali. Pamalopo panayeranso.

"Apita?"

"Alipo. Sakuoneka chabe."

Jestina anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti dzinali likuitanidwa muno osalekeza, chaka chonse, ife tikulira."

"Si kuitana kwenikweni, alamu, ndi nzeru chabe za..."

"Ine ndimalimva, a Twaibu. Pageti panga."

Twaibu sankakhulupirira za mizimu yoyenda m'misewu, koma sanapeze mphamvu zoti anene zimenezo pamaso pa mayiyu.

"Izi za pano mukhoza kuchotsa," anatero Jestina. "Nanga pa makomo a eni paja, pamene munalimwaza?"

"Ndayesa. Wa ku Joni sayankhanso. Masambawo eni ake sindiwadziwa, ena ali m'zilankhulo zoti sindingawerenge ngakhale chilembo. Dzinalo likhala pamenepo mpaka eni ake adzatope nalo okha." Kenako anayang'ana Jestina cham'mbali. "Koma nanunso ndikufunseni. Alendo akabwerera kwawo amandilembera pa makina pano. Onse amafunsa chinthu chimodzi: kodi mwini malo uja anabwerako? Inu mumawauza chiyani akafika?"

"Ndimawauza zoona. Ndimati anatisiya."

"M'Chingerezi mumati bwanji?"

Jestina ananena timawu take ta Chingerezi tija, timene anatisoka yekha kuchokera ku Chichewa osasintha kanthu. Twaibu anatseka maso.

"Mayo ine. Alamu, kwa ife mawu amenewo ndi maliro. Kwa mzungu ndi ulendo. Iwo amamva kuti anachokapo. Mwina anapita ku Lilongwe kukafuna ntchito, mwina anathawa banja."

"Ndiye akafunsa choncho, inu mumawayankha chiyani?"

"Ndimati sanabwerebe."

Panja kondakitala wa minibasi ankakuwa kuitanira anthu a ku Linthipe. M'shopumo munalowa bambo wina wofuna kuimba foni, anaona nkhope za awiriwo, n'kutuluka osanena kanthu.

Jestina anayamba kukumbukira. Mwa alendo onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe anati pepani kapena kuvula chipewa. Mayi wina wachizungu anamusisita paphewa n'kumuuza kuti amuna ndi choncho dziko lonse. Mkulu wina wandevu anasiya nsapato zokwerera mapiri kuti adzapatsidwe mwini malo akabwera, ndipo Jestina anazilandira ndi manja awiri n'kukaziika kunsi kwa bedi. Tinene zoona, Jestina sanali wopusa. Anaona kalekale kuti penapake mawu ake sakufika, koma sanafune kuwakonza. Mudzi wonse unkati malemu, malemu, mpaka liwulo linamutopetsa. Pageti pokha m'pamene pankaima anthu amene kwa iwo mwamuna wake anali atangochokapo, ndipo zimenezo zinkamukomera. Atazindikira izi anachita manyazi, ndipo mkwiyo umene anali nawo pa Twaibu unachepa ndi theka.

Twaibu ataona kuti nkhope yafewa anaganiza kuti mpata wapezeka. Anakokera mpando pafupi.

"Njira ilipo, musadandaule. Ndapeza munthu wina wochenjera kuposa uja. Titsegule tsamba latsopano pamalo ena, chithunzi chomwechi, dzina lomweli, chifukwa dzinali ndi limene apaulendo amauzana. Tigule zala zatsopano. Eni makina sadziwa msanga. Mwezi wamawa mabulangete anu afundidwa."

"Akadzadziwa?"

"Tidzatsegula lina."

"Kumusamutsa munthu wakufa nyumba ndi nyumba ngati wothawa lendi," anatero Jestina. "Njira ina palibe?"

"Ilipo, koma ndi ya njala. Kuyamba mwachilungamo, ndi dzina lanu, osagula chala ngakhale chimodzi. Koma inu akukudziwani ndani kunjako? Zikhoza kutenga chaka, mwinanso osatheka n'komwe. Nyengo ino ndiye iwalani. Ndipo lakaleli tiyenera kulitseka."

"Mukalitseka, munthu wotsata zala zija adzafikira pati?"

"Pakhomo lotseka. Makina adzamuuza kuti chimene akufuna sichikupezeka."

"Ndiye adzati wasamuka. Adzapitiriza kufunsa."

Twaibu anatambasula manja. Jestina anayang'ananso nkhope yoseka ija. Anaganiza za Tiyamike ndi teremu yamawa, za feteleza wa m'dimba, za malata a chipinda chakumapeto amene ankadontha. Zonsezo zinkadalira alendo, ndipo alendo ankadalira bodza. Mantha anamugwira zenizeni, moti pang'ono akanati chitani mmene mukudziwira. Koma maso ake anatsikira pamalo oyera paja, ndipo sanathenso kuwaona ngati oyera.

"Musalitseke," anatero.

"Ndiye titsegule latsopano lija?"

"Ayi. Mverani. Kwathu munthu akamwalira timatuma anthu kukanena uthenga kulikonse kumene ankadziwika. Tinatuma ku Linthipe, tinatuma ku Lobi, mpaka ku Mozambiki kwa azakhali awo. Uku kokha sitinatumeko, chonsecho n'kumene ankadziwika kwambiri. Njira munagula kale, ndipo mwati sizibwezeka. Ziyende ndi uthenga."

Twaibu anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Chotsani njuga zanuzo, mankhwalawo, ndi zoyera zobisika zija. Chithunzi chomwe."

"Chithunzi chomwe, alamu?"

"Chikuseka. Munthu akachiona sangakhulupirire."

"Ndikusindikizireni kaye papepala, mukasunge."

Jestina anazengereza, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Makina osindikiza analira kwa nthawi, n'kutulutsa nkhope yotuwa, yamadontho, yosafanana kwenikweni ndi ya pagalasi la kompyuta ija. Anaipinda osaiyang'anitsitsa n'kuilowetsa m'bulauzi.

Twaibu anayamba kuchotsa chimodzichimodzi. Timabokosi tinazima. Nkhope inachoka. Anakokanso pamalo oyera paja kuti Jestina aone yekha, ndipo sipanatuluke kanthu.

"Tsopano ndilembe chiyani?"

"Dzina lawo kamodzi. Kamodzi kokha. Kenako munene kuti anamwalira chaka chatha, tinawaika kumanda a kwawo. Munene kuti asawafunsenso. Mkazi wawo alipo, mapanga alipo, wofuna kubwera abwere akudziwa."

Zala za Twaibu zinaima pamwamba pa zilembo. "Azungu nawonso ali ndi mawu ofewa onenera maliro. Ndisankhe aulemu, oti anapita kukapuma..."

"Mawu ofewa ndi amene andifikitsa pano. Lembani liwu louma, limene amanena ikafa nkhuku, loti ngakhale mwana amve."

"Mnzangatu ameneyu, alamu. Liwu limenelo ndi lolemera."

"Kwa ine ndi lopepuka?"

Twaibu anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mudziwe chinthu chimodzi. Chilango sichichoka ndi zimenezi. Tsamba ili silibwereranso pamwamba. Ndipo apaulendo akauzana kuti mwini dzina kulibe, ngakhale ochepa amene akanasochera n'kufika kwanu aleka."

"Ndamva."

"Tiyamike..."

"Ndamva, a Twaibu. Ndilima kachewere ngati anzanga. Tsamba la dzina langa lija mudzapange mukapeza nthawi, la zala zoona, lidzayende mmene lingayendere. Koma amene anakulemberani aja muwayankhe lero, aliyense payekha. Lembani."

Twaibu analemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono. Atamaliza anawerenga mokweza m'Chingerezi, kenako anamasulira m'Chichewa. Jestina anamuuza kuti aloze liwu louma lija pagalasi. Linali lalifupi zedi. Analiyang'ana kwa nthawi kuti alisunge m'mutu, n'kudzuka osatsanzika bwino.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Monika anali pakhonde akutonola chimanga, ngati munthu amene wangodutsa, chonsecho zitsononkho zinali mulu.

"Mwalivuula?"

"Silivuulika. Linamwazika pa makomo a eni, maiko oti sitidzawaona." Jestina anakhala pansi n'kuvula nsapato. "Koma ndatuma uthenga. Aliyense wolitsata, kulikonse kumene angayambire, akafikira pa maliro."

Monika analeka kutonola. Anafunsa mafunso angapo, ndipo Jestina anayankha mmene akanathera, za zala zogula, za chilango, za liwu limene azungu ankalimva molakwika. Za makinazo Monika sanazimvetse, ndipo sananamizire kuti wamva. Koma za uthenga anazimva bwino lomwe.

"Zimenezo amalume avomera," anatero. "Uthenga ukaperekedwa, woitana ndiye wolakwa, osati ife. Nanga alendo abweranso?"

"Kaya. Mwina ayi."

Monika anamuyang'ana mlamu wakeyo. Anangodzuka, kukatenga mtsuko waukulu kukhitchini, n'kukhuthuliramo chimanga chija. "Thirani madzi ndinu," anatero. "Mwamuna ndi wanu."

Jestina anathira madzi mpaka chimanga chinamira. Mankhusu anayandama, iye n'kuwayoola ndi dzanja. Ataweramuka anapeza kuti waima chotchera khutu, mmene anazolowerera miyezi yonseyi. Mphepo inkawomba ngati kale. Mbuzi inalira kwa anansi. Anadikira, anadikirabe, koma kunalibe womuitana mwamuna wake, ndipo anadziwa kuti pa dziko lonse sipadzakhalanso munthu woyembekezera kuti abwerako.

Anakhala pansi pafupi ndi mtsukowo, manja pamutu, n'kulira mokweza kulira kwa maliro, kumene sanalire ngakhale tsiku loika. Monika anamugwira mapewa osamuletsa.

Amayi a nyumba zoyandikana anatulukira akuthamanga, ena atanyamula ana cham'mbali, ena ufa uli m'manja. Anaima pabwalo akupuma mwawefuwefu, akuyang'ana kuzipinda za alendo, kukhitchini, kumsewu.

"Kwagwanji? Ndani watisiya?" anafunsa wina.

"Omwe aja a chaka chatha," anayankha Monika. "Mwini wake uthenga wamupeza lero."